Malaibulale a mumzinda wa Johannesburg: ndani angalowe, ndipo akapezamo chiyani

JOHANNESBURG – Pa 9 August 2025, laibulale yaikulu ya mzinda wa Johannesburg inatsegulidwanso yonse, itakhala yotseka kwa zaka pafupifupi zisanu. Kutsekedwa kwake kunautsa mkwiyo pakati pa ophunzira, aphunzitsi ndi ofufuza mbiri, ndipo kunakumbutsa anthu kuti mwayi wowerenga mabuku mwaulere ukhoza kutayika ngati eni mzinda sausamala.

Mzindawu, womwe anthu a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete amangoutchula kuti Joni, uli ndi anthu pafupifupi 4.8 miliyoni malinga ndi kalembera wa m'chaka cha 2022. Malaibulale ake ali m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la malaibulale a khonsolo ya mzinda, omwe ndi oposa 80 ndipo aliyense ali ndi ufulu wolowamo. Gulu lachiwiri ndi la malaibulale a m'mayunivesite ndi m'makoleji, omwe kwenikweni amatumikira ophunzira ndi aphunzitsi a pa sukuluzo, ngakhale ali ndi mbali zina zimene munthu wamba angazifikire.

Chiyambi chake

Johannesburg inakhazikitsidwa m'chaka cha 1886 golide atapezeka m'dera la Witwatersrand. Pasanathe zaka zisanu, anthu ena a mumzindamo anayambitsa laibulale m'kanyumba kamalata, ndipo ofuna kubwereka mabuku ankalipira ndalama ya umembala. M'chaka cha 1898 inasamukira m'nyumba yake mumsewu wa Kerk. Khonsolo ya mzinda inayamba kuiyendetsa m'chaka cha 1924, ndipo kuyambira pamenepo azungu okhala mumzindamo ankabwereka mabuku popanda kulipira.

Nyumba yamiyala yomwe ilipo lero inatsegulidwa m'chaka cha 1935. Inamangidwa motsatira pulani ya katswiri wa zomangamanga wa ku Cape Town, John Perry, pa bwalo lomwe kale linali msika ndipo tsopano limatchedwa Beyers Naudé Square. Ili pakati pa misewu ya Albertina Sisulu ndi Helen Joseph, moyang'anana ndi nyumba yakale ya khonsolo momwe masiku ano mumakumana aphungu a chigawo cha Gauteng. Akuluakulu awiri omwe anaiyendetsa kwa nthawi yaitali, R.F. Kennedy ndi Anna Smith, ndiwo anaikuza kufikira inatchuka monga imodzi mwa nkhokwe zikuluzikulu za mabuku onena za Africa.

Makomo omwe anali otsekera anthu akuda

Kwa zaka zoposa 80, anthu akuda sankaloledwa kugwiritsa ntchito laibulale imeneyi, ngakhale kuti ndiwo ankakumba golide yemwe analemeretsa mzindawo. Ofuna kuwerenga ankadalira njira zina. Imodzi inali Bantu Men's Social Centre, malo ochezera omwe anatsegulidwa m'chaka cha 1924 mumsewu wa Eloff. Mlembi Peter Abrahams, yemwe anabadwira ku Vrededorp m'chaka cha 1919, anafotokoza m'buku lake la Tell Freedom kuti pa mashelefu a malo amenewa ndi pomwe anayamba kuona mabuku olembedwa ndi anthu akuda a ku America, ndipo zimenezi zinamulimbitsa mtima kuti nayenso akhoza kulemba.

Njira ina inabwera ndi bungwe la ku America la Carnegie Corporation, lomwe m'chaka cha 1928 linatumiza akatswiri awiri kudzaona momwe malaibulale a mu South Africa ankayendera. Potsatira ulendowo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ku Germiston kunakhazikitsidwa likulu lotumiza mabuku m'mabokosi ku masukulu ndi ku makomboni a anthu akuda. Mlembi wa masewero ndi ndakatulo H.I.E. Dhlomo anagwirako ntchito yoyendetsa ndondomekoyi kuyambira mu 1937.

M'chaka cha 1940, ku Western Native Township kunatsegulidwa Winifred Holtby Memorial Library, nyumba yoyamba mu South Africa yomangidwira anthu osakhala azungu kuti aziwerengeramo. Dzinali lili ndi mbiri yokhudza Malawi. Winifred Holtby anali mayi wa ku England wolemba mabuku, yemwe anacheza mu South Africa m'chaka cha 1926 n'kukhala mthandizi wamkulu wa bungwe la anthu apantchito la ICU. Bungweli linayambitsidwa mu 1919 ndi Clements Kadalie, mbadwa ya kwa Chifira m'boma la Nkhata Bay, yemwe anaphunzira ku Livingstonia. Holtby anamwalira mu 1935, ndipo anzake anasonkha ndalama zoti pakhale chomukumbukira.

Ulamuliro wa tsankho utakhwima kuyambira mu 1948, lamulo la mu 1953 linalamula kuti mitundu ya anthu izigwiritsa ntchito malo osiyana, ndipo malamulo a mu 1963 ndi 1974 anapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku zikwizikwi. Ngakhale zinali choncho, m'chaka cha 1974 laibulale yaikulu ya Johannesburg inatsegula makomo ake kwa anthu a mitundu yonse, ndipo imadziwika kuti ndiyo inali yoyamba kutero m'dzikomo. Lamulo lolekanitsa mitundu pa malo a boma linafafanizidwa patapita zaka 16, mu 1990.

Zomwe zili mu laibulale yaikulu

Laibulaleyi imasunga mabuku ndi zolembedwa zina pafupifupi 1.5 miliyoni. Pansi pali mbali yobwereketsa mabuku kwa akulu, mbali ya ana ndi ya achinyamata. Palinso chipinda cha mabuku osatuluka nawo, monga mabuku otanthauzira mawu, a malamulo ndi a ziwerengero za boma.

Chuma chake chenicheni chili m'zigawo zapadera. Harold Strange Library of African Studies inayambira pa mabuku a Harold Strange omwe anagulidwa m'chaka cha 1913, ndipo ili ndi mabuku akale, mapu, timapepala ta zipani ndi zolemba pamanja zokhudza kumwera kwa Africa. Michaelis Art Library imasunga mabuku a luso la zojambula ndi zosema. Chigawo china chimasunga nyimbo zolembedwa papepala, nyimbo zojambulidwa ndi mabuku a masewero, zomwe makwaya ndi magulu oimba amadalira. M'zipinda za pansi pa nthaka muli nyuzipepala zakale zomangidwa m'mabuku akuluakulu, zina za m'zaka zoyambirira za mzindawu. Munthu wofuna kudziwa momwe nyuzipepala za ku Joni zinalembera za ngozi ya mumgodi, za sitiraka kapena za mlandu wina wakale amayambira kumeneko.

Kuyambira mu 1935 m'nyumba yomweyi munalinso malo osungira zinthu zakale otchedwa Africana Museum, koma mu 1994 anasamukira ku Newtown n'kutenga dzina lakuti Museum Africa. Nyumbayi inatsekedwa mu 2009 kuti ikonzedwe ndi thandizo la khonsolo ndi la Carnegie Corporation. Pomwe inatsegulidwanso mu February 2012, inali ndi nsanjika zitatu zatsopano pakati pake, malo ambiri okhala owerenga ndi makompyuta olumikizidwa ku intaneti.

Zaka zotsekedwa

Mu March 2020, malaibulale onse a m'dzikomo anatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Nthambi zambiri zinayambiranso ntchito mliri utachepa, koma laibulale yaikulu inakhalabe yotseka. Mu May 2021 akuluakulu a mzinda analengeza kuti nyumbayo ikufunika kukonzedwa. Zifukwa zomwe anapereka zinali denga lodontha, mavuto a magetsi komanso zipangizo zozimitsira moto zosakwanira malinga ndi malamulo.

Kuopa moto si nkhani yopeputsa pa nyumba yosunga mapepala. Mu December 2015 moto unapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu ku Malawi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Mu April 2021 moto wolusa wochokera m'phiri unatentha chipinda chowerengera cha Jagger pa yunivesite ya Cape Town, ndipo mabuku ambiri onena za Africa anapita ndi motowo. Chomwe anthu a ku Johannesburg ankadandaula sichinali kukonzako, koma kuchedwa kwake ndi kusowa kwa tsiku lenileni lotsegulira.

Mabungwe a Johannesburg Heritage Foundation ndi Johannesburg Crisis Alliance ndiwo anatsogolera madandaulo, ndipo mu May 2024 anthu anachita zionetsero pa khomo la laibulaleyo. Iwo ankati ovutika kwambiri ndi ana a sukulu okhala m'nyumba zothinana za pakati pa mzinda, omwe alibe tebulo kapena malo abata owerengerapo kwawo, komanso ophunzira a maphunziro apamwamba omwe kafukufuku wawo anaima chifukwa zolembedwa zomwe ankafuna sizipezeka kwina kulikonse. Ntchito yokonza inayendetsedwa ndi Johannesburg Development Agency. Mbali yapansi inatsegulidwa pa 21 March 2025, ndipo nyumba yonse inatsegulidwa mu August chaka chomwecho, patatsala miyezi itatu kuti mzindawu ulandire msonkhano wa atsogoleri a mayiko a G20.

Nthambi za m'madera

Anthu ambiri okhala mu Johannesburg safika pakati pa mzinda kukawerenga. Amadalira nthambi yomwe ili pafupi ndi kwawo. Mzindawu unagawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri, kuyambira A mpaka G, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nthambi zake. Kumpoto kuli nthambi za Sandton, Randburg, Diepsloot ndi Ivory Park. Ku Soweto kuli za Orlando East, Jabavu ndi Pimville, mwa zina. Kumwera kuli za Lenasia, Eldorado Park ndi Orange Farm. Madera monga Yeoville, Rosettenville ndi Mayfair, komwe kumakhala anthu ambiri ochokera m'mayiko ena, nawonso anamangiridwa nthambi.

Nthambi zimasiyana kukula, koma ntchito zake n'zofanana: kubwereketsa mabuku, kupereka nyuzipepala ndi magazini, malo owerengera, makompyuta, intaneti yaulere komanso makina okopera zikalata pa mtengo wochepa. Kwa wachinyamata wofuna ntchito, kompyuta ya pa laibulale ndiyo njira yolembera kalata yofunsira ntchito ndi kuitumiza popanda kugula mayunitsi a pa foni. Nyengo ya mayeso a matric, omwe ndi mayeso otsiriza a ku sekondale olembedwa kumapeto kwa chaka, mipando imadzaza m'mamawa.

Ana ali ndi ndondomeko zawo. Zodziwika kwambiri ndi mipikisano ya Story Skirmish ndi Battle of the Books, momwe magulu a ana ochokera m'masukulu osiyanasiyana amawerenga mabuku osankhidwa kenako n'kupikisana poyankha mafunso. Kufunika kwa ntchito zotere kunaonekera poyera pomwe zotsatira za kafukufuku wa PIRLS wa mu 2021 zinasonyeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a giredi 4 mu South Africa sankatha kumvetsa zomwe akuwerenga m'chinenero chilichonse. Masukulu ambiri a boma m'dzikomo alibe laibulale yokhala ndi mabuku, kotero kuti nthambi ya khonsolo ndiyo imatseka mpata umenewu.

Mavuto nawo alipo. Nthambi zina zakhala zikutsekedwa kwa miyezi kapena zaka chifukwa cha kuwonongeka kwa nyumba, kubedwa kwa mawaya a magetsi ndi kuchepa kwa ogwira ntchito. M'zaka za 2022 ndi 2023, pomwe kuzimazima kwa magetsi kunafika poipa, makompyuta ndi intaneti zinkaima kwa maola angapo pa tsiku. Nthawi yotsegulira nayo imapweteka ena. Nthambi zambiri zimagwira ntchito masana kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndi Loweruka m'mawa, pamene ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, za m'dimba ndi za ulonda amapuma Lamulungu lokha.

Kulembetsa ndi kubwereka

Kulowa mu laibulale ya khonsolo n'kukhala pansi kuwerenga sikulira ndalama. Ndi amodzi mwa malo ochepa mumzindamo pomwe munthu angakhale tsiku lonse popanda kukakamizidwa kugula kanthu. Khadi la umembala limafunika munthu akafuna kupita ndi buku kunyumba.

Polembetsa, munthu amaonetsa chiphaso chomuzindikiritsa ndi umboni wa komwe amakhala. Kwa nzika ya dzikolo, chiphasocho ndi chitupa cha unzika, ndipo kwa wochokera kunja ndi pasipoti kapena chikalata china chovomerezeka ndi boma. Mwana amalembetsedwa ndi kholo kapena womusunga, yemwe amasaina kuti adzayankha buku likatayika. Umboni wa komwe munthu amakhala ndiwo umavuta kwa ambiri ochita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya wina kapena okhala m'zisakasa, popeza bilu ya madzi ndi magetsi sibwera m'dzina lawo. Mwa chizolowezi cha mu South Africa, anthu otere amatenga kalata ya mwini nyumba, ya khansala wa deralo kapena chikalata cholumbirira ku polisi.

Mabuku amabwerekedwa kwa masabata owerengeka, ndipo munthu akhoza kupempha kuti awonjezeredwe masiku. Buku likakhala kuti lili ku nthambi ina, wogwira ntchito akhoza kuliitanitsa. Mabuku ambiri ndi a Chingerezi, ndipo ena ndi a Chiafrikaans, Chizulu, Chisutu ndi zinenero zina za dzikolo. Chichewa sichili m'gulu la zinenero 12 zovomerezeka ndi boma la South Africa, choncho kholo lofuna kuti mwana wake aziwerenga chinenero cha kwawo limadalira kwambiri mabuku obwera nawo kuchokera ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata, kapenanso nthano za ana zopezeka mwaulere pa intaneti monga za African Storybook, ntchito yomwe inayambitsidwa ndi bungwe la Saide la mu Johannesburg momwemo.

Ndani amapereka ndalama

Gwero la mavuto ambiri a malaibulale a khonsolo lili m'malamulo. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1996 anaika malaibulale onse, kupatula a dziko lonse, m'manja mwa maboma a zigawo. Koma kuyambira kale, omwe ankamanga nyumba, kulemba antchito ndi kugula mabuku anali makhonsolo. Zotsatira zake n'zakuti makhonsolo akupitiriza ntchito yomwe lamulo silinawapatse, ndipo ndalama zake amazichotsa m'thumba lomwe lija la madzi, misewu ndi zinyalala. Chuma chikachepa, denga la laibulale limadikira.

Pofuna kuchepetsa vutoli, m'chaka cha 2007 boma linayamba kupereka thandizo lapadera ku zigawo, lomwe linali R1 biliyoni pa zaka zitatu zoyambirira, kuti limangire nthambi zatsopano, kugula mabuku ndi kuika intaneti. Thandizoli linathandiza kwambiri madera omwe ulamuliro wa tsankho unawasiya opanda kanthu, koma silinathetse funso lakuti udindo wosamalira nyumba zakale ndi wa yani.

Laibulale ya dziko lonse sili mu Johannesburg. National Library of South Africa inapangidwa mu 1999 pophatikiza malaibulale awiri akale, ndipo ili ku Pretoria ndi ku Cape Town. Malinga ndi lamulo la mu 1997, wosindikiza aliyense m'dzikomo amayenera kuperekako buku lililonse lomwe watulutsa. Kwa wokhala mu Johannesburg, nyumba ya ku Pretoria, yomwe inatsegulidwa mu 2008, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60.

Malaibulale a yunivesite ya Wits

Yunivesite ya Witwatersrand, yomwe imadziwika kuti Wits, inakhazikitsidwa mu 1922 ndipo likulu lake lili ku Braamfontein. Nayonso inalawapo moto. Pa 24 December 1931, moto unatentha nyumba yake yaikulu pamodzi ndi mabuku zikwizikwi, kuphatikizapo gawo la mabuku osowa omwe John Gubbins anasonkhanitsa. Anthu ndi mayunivesite a m'mayiko ena anatumiza mabuku, ndipo mu 1934 kunatsegulidwa nyumba yatsopano yomwe lero imatchedwa William Cullen Library. Ophunzira ambiri a digiri yoyamba amagwiritsa ntchito Wartenweiler Library, ndipo palinso malaibulale a zamalamulo, zomangamanga, zamalonda, zaumisiri, zamaphunziro ndi zaumoyo. Awiri otsirizawa ali ku Parktown.

Mkati mwa William Cullen muli nkhokwe ya zikalata zakale yotchedwa Historical Papers, yomwe inakhazikitsidwa mu 1966 ndipo ili ndi magulu a zikalata oposa 3,000. Muli zikalata za mlandu wa Rivonia womwe unatumiza Nelson Mandela ndi anzake ku ndende mu 1964, makalata a Robert Sobukwe, zolembedwa za mpingo wa Anglican kumwera kwa Africa komanso za mabungwe a anthu apantchito, kuphatikizapo ICU ya Kadalie. Nkhokweyi si ya ophunzira a pa Wits okha. Wofufuza aliyense akhoza kupempha tsiku lokaona zikalata, ndipo zambiri zinajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti kuti ngakhale munthu wa ku Zomba, Lusaka kapena Lichinga aziwerenge popanda kukwera basi.

Yunivesite ya Johannesburg ndi zikalata za Wenela

Yunivesite ya Johannesburg, kapena kuti UJ, inabadwa pa 1 January 2005 pophatikiza Rand Afrikaans University, Technikon Witwatersrand ndi nthambi zina za Vista University. Ili ndi masukulu anayi: awiri ku Auckland Park, imodzi ku Doornfontein ndi ina ku Soweto, ndipo iliyonse ili ndi laibulale yake.

Kwa owerenga a ku Malawi ndi Mozambique, chofunika kwambiri chili ku Doornfontein. Kumeneko kumasungidwa zikalata za TEBA, kampani yomwe mu 1977 inalowa m'malo mwa mabungwe awiri olemba anthu ntchito za m'migodi. Limodzi mwa mabungwewo linali Witwatersrand Native Labour Association, lomwe m'midzi ankalitchula kuti Wenela. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya mu South Africa. Mu April 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyi. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pa chiwerengero chochepa, mpaka kunatha mu 1988 chifukwa cha kusamvana pa nkhani yoyeza kachilombo ka HIV.

Makalata a pakati pa maofesi, malipoti ndi zithunzi zomwe zili ku Doornfontein zimasonyeza momwe ndondomekoyi inkayendera: komwe kunali misasa yolembera anthu, momwe ankawanyamulira pa malole, sitima ndi ndege, komanso momwe gawo la malipiro linkatumizidwira kwawo. Zimenezi n'zothandiza ofufuza mbiri ndi zidzukulu zofuna kumvetsa ulendo wa agogo awo. Laibulale si ofesi yolipira ndalama za anthu omwe anagwira ntchito m'migodi, ndipo nkhani zotero zimayendetsedwa ndi maofesi ena.

Unisa ndi makoleji

Yunivesite ya Unisa, yomwe imaphunzitsa anthu ali kwawo, ili ndi likulu ku Pretoria, koma ilinso ndi sukulu ya sayansi ku Florida, kumadzulo kwa Johannesburg. Maloyo anali a Technikon SA mpaka pomwe masukulu awiriwa anaphatikizidwa mu 2004. Ophunzira a Unisa amapeza mabuku ndi magazini a kafukufuku pa intaneti, koma chifukwa ambiri a iwo ndi anthu apantchito opanda malo owerengera kunyumba, amadzaza matebulo a nthambi za khonsolo. Apa ndi pomwe magulu awiri a malaibulale amakumana: bukulo limachokera ku yunivesite, mpando ndi magetsi zimachokera ku khonsolo.

Makoleji a ntchito zamanja ndi zaluso, monga Central Johannesburg TVET College ndi South West Gauteng TVET College, amatumikira ophunzira awo okha, ndipo mabuku awo ndi okhudza maphunziro a pa kolejipo monga zamagetsi, zamakaniko ndi zowerengera ndalama.

Momwe munthu wakunja angafikire mabuku a yunivesite

Pa zipata za mayunivesite pali alonda ndi makina ofuna khadi, kotero munthu sangangolowa monga amachitira pa laibulale ya khonsolo. Wosakhala wophunzira kapena wogwira ntchito pa sukulupo amayenera kupempha chilolezo, ndipo nthawi zambiri pamakhala malipiro. Ngakhale ataloledwa, magazini ambiri a kafukufuku a pa kompyuta amakhalabe otsekeka kwa iye. Chifukwa chake n'chakuti yunivesite sigula magaziniwa kuti akhale ake, koma imalipira chaka ndi chaka ku makampani osindikiza, ndipo pangano lake limatchula anthu oyenera kuwawerenga.

Njira zina zilipo. Mayunivesite a boma ali ndi mgwirizano wolola aphunzitsi ndi ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu kugwiritsa ntchito laibulale ya yunivesite ina akabweretsa kalata yochokera ku sukulu yawo. Malaibulale amabwerekananso mabuku kudzera mu Sabinet, yomwe inayamba mu 1983. Njira yotakata kuposa zonse ndi ya zolembedwa zoikidwa poyera. Wits ndi UJ zimaika pa intaneti kafukufuku wa ophunzira awo a digiri yachiwiri ndi yachitatu, ndipo aliyense akhoza kumuwerenga mwaulere. SciELO South Africa imatulutsa magazini a sayansi popanda malipiro, ndipo African Journals Online imasonkhanitsa magazini a kafukufuku ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Zonsezi munthu akhoza kuzitsegula pa kompyuta ya ku nthambi ya Orange Farm kapena Diepsloot.

Anthu osaona ndi malaibulale ena

Anthu osaona amatumikiridwa ndi South African Library for the Blind, yomwe inayamba mu 1919 ku Makhanda, tauni yomwe kale inkatchedwa Grahamstown. Imatumiza mabuku a zilembo za braille ndi mabuku omvetsera kwa mamembala ake m'dziko lonse. Kwa zaka zambiri, lamulo la mu 1978 loteteza eni mabuku linkaletsa kusandutsa buku kuti likhale la braille popanda chilolezo cha mwini wake. Mu September 2022, bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe lili ku Braamfontein, linagamula mokomera bungwe la Blind SA kuti kuletsa kotereku n'kusala anthu osaona.

Mumzindamo mulinso malaibulale a mabungwe a mayiko akunja, monga a Goethe-Institut ku Parkwood ndi Alliance Française ku Parkview, othandiza ophunzira Chijeremani ndi Chifalansa. Brenthurst Library ya banja la Oppenheimer ku Parktown ndi Nelson Mandela Foundation ku Houghton zimalandira ofufuza omwe apangana nazo tsiku.

Pa zonsezi, laibulale ya khonsolo ndiyo yokha yomwe mwana wa mlonda wa ku Rosettenville kapena mayi wogulitsa tomato ku Yeoville angalowemo popanda kalata yochokera kwa wina aliyense. Panapita zaka zoposa 80 kuti khomo la laibulale yaikulu litsegukire anthu akuda, ndipo m'zaka za 2020 mpaka 2025 khomo lomwelo linatsekeka kwa onse chifukwa cha denga ndi mapaipi a madzi ozimitsira moto. Chaka chilichonse m'mwezi wa March, bungwe la ogwira ntchito m'malaibulale la LIASA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, limachititsa sabata yokumbutsa anthu za malaibulale, ndipo nthambi zambiri zimagwiritsa ntchito sabatayi polemba mamembala atsopano.